Winga Wothawa Apongozi

Mukafika pa Lizulu n'kufunsa za Goliati, musayembekezere kuona chimphona. Dzinalo anampatsa ndi bambo ake, a Fanizo, amene panthawiyo anali ku migodi ya ku Joni, ndipo analitumiza pa kalata mwanayo asanamuone. Kalata itafika kwawo ku Biriwiri, amayi a m'mudzi anayang'ana kakhandako, anayang'ana kalata, n'kuseka mpaka misozi. Koma mawu a munthu wotumiza mabulangete satsutsidwa, choncho dzina linakhala lomwelo.

Anakula ali wowonda, miyendo ngati bango, makutu aakulu otambalala. Sukulu anailekeza sitandade 7, n'kutsikira pamsika wa Lizulu kukagulitsa kabichi. Amene amadziwa msikawo akudziwa kuti malonda ake ndi a liwiro. Basi ikaima siichedwa, ndipo wofika msanga pawindo ndiye amagulitsa. Goliati ankapanira kabichi m'khwapa n'kuthamanga pakati pa mathebulo a tomato, matumba a mbatatesi ndi njinga za kabaza, osagunda kanthu. Popeza msewuwo ndiwo malire a dziko, ankalowa m'Mozambiki n'kutulukamo kamakumi anayi patsiku, wopanda pasipoti, wopanda nsapato.

Mu 2009 anakwatira Tawina, mtsikana wogulitsa nyemba, n'kupita kukakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi wake, kuseri kwa msika. Asananyamuke, a Fanizo anamuitanira pambali kuti amulange. Iwowo anali ndi bala lakale. Chaka china atangobwera kuchokera ku Joni, atavala jekete ndi chipewa, anakumana ndi apongozi awo panjira n'kuwapatsa moni wa padzanja ngati kutauni, akuwayang'ana m'maso. Nkhaniyo inakambidwa pamaliro ndi paukwati pomwe kwa zaka makumi awiri. Ndiye anamuuza mwana wawo kuti apongozi aakazi sayang'anidwa kumaso, sadutsidwa kutsogolo, ndipo sakumanidwa panjira. Ukawaona, patuka.

Anzake a msinkhu wake malangizo otere ankawamva ndi khutu limodzi. Masiku ano mkamwini amakweza apongozi pakabaza, amawaimbira foni, ena mpaka amawabwereka tchaja. Goliati yekha ndiye anawatenga ngati malamulo khumi. Pa tsiku la ukwati anaweramitsa mutu kuyambira m'tchalitchi mpaka mphatso yomaliza, moti pa zithunzi zonse pamaoneka liwombo lokha ndi makutu.

Tsoka lake linali lakuti apongoziwo, a Nangozo, sanali munthu wokhala pakhonde. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wojintcha, woyenda mofulumira ndiponso wosadziwika kolowera. Mukamaganiza kuti ali kudimba, atulukira kuchigayo. Mukamati apita ku Mvano, muwapeza pakhola la nkhumba. Njira za m'mudzimo n'zopapatiza, nkhadze uku nkhadze uku, ndipo Goliati ankangoona duku lawo lobiriwira litatulukira pakona, patatsala mapazi awiri. Pamenepo panalibe nthawi yoganiza. Phazi linkaponda kumanzere, thupi n'kupita kumanja, munthu n'kusowa. Tsiku lina anagwera m'khola la nkhumba, lina m'chitedze, ndipo lina analumpha mpanda n'kutera pakati pa amayi amene ankaphika thobwa la chinkhoswe. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, amatero akuluakulu, koma mkamwini uyu ankaopa ndi mitambo yomwe.

Zolankhulana zonse zinkadzera mwa Tawina, kapena mwa zinthu zopanda makutu. A Nangozo akafuna kuti nkhokwe ikonzedwe, ankaima pabwalo n'kufunsa mbuzi ngati pamudzipo pali mwamuna. M'mawa mwake nkhokwe inali itafoleredwa. Ulesi analibe mnyamatayu, mowa sankamwa, dzanja pa mkazi sanakwezepo. Ana anabadwa awiri, onse a makutu otambalala.

Komabe mtima wake unali ku Biriwiri. Kumeneko a Fanizo anali ndi dimba la m'khwawa, la kasupe wosaphwa ngakhale mu Okutobala, ndipo pomwalira mu 2013 analisiyira Goliati. Kuti akalime dimbalo ankayenera kusamuka ndi banja lake, ndipo kuti atenge mkazi kupita naye kwawo, chitengwa, pankafunika chilolezo cha kuchikazi. Chaka chilichonse akakolola ankatuma ankhoswe kwa a Maynard, mlongo wawo wa a Nangozo, amene pamwambo ndiwo anali mwini mbumba. A Maynard anali munthu wofatsa amene anaphunzira ali mwana kuti mlongo wawo satsutsidwa. Ankapita kukafunsa, n'kubwera ndi yankho lomwelomwelo: a Nangozo akuti mwana wawo sangapite ndi munthu amene iwo sakumudziwa.

Goliati ankalingalira yankholi mpaka mutu kuwawa, ndipo nthawi zonse ankafika pa mfundo imodzi: ulemu wake sunakwane. Ndiye anawonjezera. Kale ankathawa patatsala mapazi awiri, tsopano anayamba kuthawa akangomva kutsokomola. Tawina anamuuzapo kangapo kuti mwina amayi akutanthauza zina, koma iye ankayankha kuti zimenezi n'zachimuna, bambo ake anamufotokozera bwino.

Apa m'pamene a Sailosi akulowera m'nkhaniyi. Anali munthu wa ku Fiji, zilumba zakutali zimene pa mapu a kusukulu zimaoneka ngati zitosi za ntchentche. Anabwera ku Ntcheu mu 2014 ndi kagulu kokumba mijigo. Anali wamkulu moti minibasi inkapendama akakwera, khosi ndi mutu zofanana kukula, koma woseka ngati mwana. Kwa zaka khumi ndi chimodzi anadya za mpira wa ragibi, ku Australia kenako ku Mangalande, akusewera ngati winga, ndiye kuti wothamanga m'mphepete mwa bwalo amene anzake amamuponyera mpira kuti akagoletse. Bondo litaphwanyika kachitatu, madokotala anamuuza kuti asankhe pakati pa mpira ndi kuyenda. Anasankha kuyenda, ndipo anayenda mpaka kufika ku Lizulu.

Loweruka lina a Sailosi anaima pamsika akudya chimanga chootcha. Basi ya ku Lilongwe inaima, ndipo anaona kamunthu kowonda kakubwera ndi kabichi m'khwapa, kali pa liwiro la mtondo wadooka. Mwadzidzidzi kuseri kwa lole kunatulukira mayi wa duku lobiriwira, pafupi moti aliyense anatseka maso kudikira kugundana. Kugundanako sikunachitike. Kamunthu kaja kanaponda kumanzere, kanapita kumanja, kanadutsa pansi pa thebulo la anyezi n'kukatulukira pawindo la basi, kabichi ali m'khwapa. A Sailosi chimanga chinawagwa m'manja. Pambuyo pake ankalumbira kuti anasewera ndi akatswiri a maiko atatu, koma phazi lotero sanalionepo.

Sabata yomweyo anayambitsa timu. Anatola onyamula matumba a mbatatesi, okankha ngolo ndi anyamata a kabaza, n'kupita nawo pabwalo la sukulu ina ya pulayimale. Mpirawo unali wooneka ngati papaya. Anawafotokozera kuti mbali iliyonse imakhala ndi anthu khumi ndi atatu, kuti mpira umanyamulidwa m'manja, kuti mdani amaloledwa kukugwetsa, ndiponso kuti chigoli n'kukauika pansi kuseri kwa mzere wa adani. Atanena kuti popatsirana mpira umaponyedwa chakumbuyo, anthu anayang'anana. Mkulu wina woonerera anati masewera amenewa ngoyenera Amalawi, poti nafenso timathamangira kutsogolo zinthu zikubwerera m'mbuyo. Timuyo anaitcha Kachewere, dzina la mbatatesi, chifukwa onse ankadya za mbatatesi.

Tsiku loyamba Goliati anakhumudwitsa. Liwiro linalipo, koma ankathamanga molunjika ngati mbuzi yoona chipata. Jasper, wonyamula matumba amene ankasenza awiri nthawi imodzi, anangoima panjira, Goliati n'kudzigunda yekha ngati mbalame pagalasi. Anadzuka, anayesanso, anagwanso. A Sailosi anakanda mutu n'kufunsa kuti phazi lija lapita kuti. Goliati sanamvetse funsolo, chifukwa iye sankadziwa kuti ali ndi phazi lapadera. Jasper ndiye anamvetsa. Anapita kwa mayi wina wogulitsa mandasi panja pa bwalo, anabwereka chitenje ndi duku, anavala, n'kukaimanso pomwe paja manja ali m'chiuno. Goliati anabwera ndi mpira, anadzutsa maso, anaona duku. Jasper anakumbatira mphepo.

Kuyambira tsiku limenelo a Sailosi anali ndi langizo limodzi lokha kwa winga wawo. Ankamugwira paphewa masewera asanayambe n'kumuuza kuti anthu khumi ndi atatu ali ukowo onse avala maduku. Poyamba Goliati zinkamuvuta mumtima, ankaona ngati akunyoza apongozi powayerekeza ndi zibambo zandevu. Koma miyendo inkamvera. M'zaka zinayi Kachewere inasewera ndi matimu a ku Lilongwe, a ku Blantyre ndi a ana a sukulu zaukachenjede, ikuyenda pamwamba pa malole a kabichi, ndipo panalibe masewera amene Goliati anatuluka osagoletsa. Anataya dzino limodzi ku Blantyre, osati pogwetsedwa koma pogunda mtengo wa chigoli akuyang'ana m'mbuyo. Nsapato zake zoyamba za mpira anampatsa a Sailosi, zazikulu moti ankaikamo nyuzipepala. Anthu anamutcha Mlamba, potengera mwambi uja wakuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Chinsinsi cha phazi lake chinkadziwika pa Lizulu ponse, kupatula kwa a Nangozo. Kapena tinene kuti anthu ankaganiza choncho.

Kutchukako sikunasinthe yankho la a Maynard. Chaka ndi chaka: sakumudziwa. Mudzi wonse ukumudziwa, Dedza ikumudziwa, mwana aliyense wopanira dzungu m'khwapa akudzitcha Mlamba, koma mayi wogona nyumba yachitatu kuchokera pa yake sakumudziwa. Goliati zinkamupweteka kwambiri, ndipo ankati akapita ku Biriwiri n'kuona dimba la bambo ake litamera bango, ankabwerera osalankhula ndi munthu.

Mu Ogasiti 2018 abale ake a ku Biriwiri anatopa. Anamutumizira uthenga wakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno: ngati mvula ya chaka chino igwa iye asanasamuke, dimba lipatsidwa kwa msuweni wake amene akulifuna. Goliati anatumanso ankhoswe, ndipo ulendo uno a Maynard anabwera ndi mawu atsopano. A Nangozo akuti ayankha Loweruka, mpira ukatha.

Loweruka limenelo Kachewere inkalandira timu ya ku Lilongwe yolimbirana nayo chikho, ndipo kunamveka kuti kubweranso bambo wina wosankha osewera oti apite ku Zambia. Goliati anaphatikiza ziwirizi n'kupeza tanthauzo. Apongozi akufuna chikho. Akufuna aone ngati mkamwini wawo ndi munthu wobweretsa kanthu pakhomo. Anauza Tawina kuti tsopano wamvetsa zonse. Tawina anangopitiriza kusankha nyemba.

Bwalo linadzaza. Mizere anaijambula ndi phulusa, ndipo pamakona anazika timitengo tomangirira nsanza zofiira. Ogulitsa anasiya mabasi akuima okha pamsewu. Anthu a tsidya la Mozambiki anabwera ndi mipando yawo. Bambo wosankha uja anakhala pansi pa mtengo ndi kabuku. Anyamata a ku Lilongwe anali onenepa ndi nyama ya m'tauni, ndipo anali atamva za Mlamba, moti anamuikira anthu awiri omulondera. Goliati anagoletsa kamodzi chigawo choyamba, kenako anamutsekera. Patatsala mphindi imodzi Kachewere inali m'mbuyo, 16 kwa 18, ndipo chigoli chimodzi, poti n'cha mapointi anayi, chikanakwanira.

Jasper analowa pakati ndi mpira, anthu atatu atamukakamira ngati nkhupakupa, n'kuuponya chakumbuyo asanagwe. Unadutsa m'manja awiri n'kufika kwa Goliati m'mphepete mwa bwalo. Woyamba anabwera, Goliati anaona duku, munthuyo anagwira fumbi. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anagundana ndi wachiwiri. Bwalo lonse linaimirira. Kutsogolo kunalibenso mdani, kunangotsala mapazi khumi ndi mzere wa phulusa, ndipo Goliati analunjika pakona yake ya masiku onse, pamene ankagoletsera zigoli zake zambiri.

Pakonapo, kuseri pang'ono kwa mzere, panali pataima mayi wamfupi wojintcha, wa chitenje chatsopano ndi duku lobiriwira, atapanira nkhuku m'khwapa.

Poyamba Goliati anaganiza kuti ndi maso ake, poti anali atazolowera kuveka anthu maduku. Koma mdani wa ragibi sanyamula nkhuku. Anali a Nangozo enieni, ndipo ankamuyang'ana iyeyo. Kuti agoletse pakonapo ankayenera kugwera pamapazi awo. Kuti alowere mkati ankayenera kuwadutsa kutsogolo, pamaso pa Lizulu yense ndi Mozambiki yomwe. Mutu wake unkadziwa za chikho, za Zambia ndi za dimba, koma miyendo inali ndi zaka zisanu ndi zinayi za maphunziro. Phazi linaponda kumanja, thupi linapita kumanzere, ndipo anthu amene anaona amati limenelo ndilo linali phazi lokongola kuposa onse amene anapondapo. Linamutulutsa m'bwalo. Analumpha ngalande, anadutsa m'mapesi a munda wa sukulu, n'kukanjuta kuseri kwa chulu, msana ataulozetsa kubwalo, mpira ali nawo.

Wezulo inalira. A ku Lilongwe anayamba kuvina osadziwa chimene chawapulumutsa. A Sailosi anakhala pansi pafumbi n'kugwira mutu ndi manja onse awiri. Bambo wosankha osewera uja anatseka kabuku kake n'kufunsa ngati mnyamatayo amadwala mutu. Anamuyankha kuti ayi, ngwaulemu chabe.

Kuseri kwa chulu Goliati analira. Sankalirira chikho ayi. Ankaona kasupe wa bambo ake, ndi msuweni wake akubzala anyezi pamenepo. Anali atapatsidwa mwayi umodzi woti aoneke ngati mwamuna pamaso pa apongozi, ndipo anautaya yekha. Ali m'maganizo otero anamva mapesi akuthyoka kumbuyo kwake, ndi nkhuku ikudandaula. Minofu yake inakonzeka.

"Mukathawanso, a Goliati, Tawina sapita."

Aka kanali koyamba kumva dzina lake likutuluka m'kamwa mwa a Nangozo popanda kudzera kwa mbuzi. Anaika mpira pansi n'kuyamba kuomba m'manja chapansipansi, nkhope ili kuchulu. A Nangozo anakhala pansi pamapesi, akupuma mwaphuma, chifukwa ngalande ija iwo anachita kuizungulira. Kumbuyo kwawo kunaima Tawina ndi a Maynard, ndipo kumbuyo kwa iwo theka la bwalo, likunamizira kufunafuna mpira.

A Nangozo analankhula nthawi yaitali. Anati zaka zisanu ndi zinayi akhala ndi mkamwini amene amamudziwa zidendene zokha. Atati awerenge zigamba za kumsana kwa malaya ake akhoza kuzitchula zonse pamtima, koma atakumana naye m'chipatala atagona chagada sangamuzindikire. Anati ulemu ndi wabwino, ndipo m'chaka choyamba unkawasangalatsa, mpaka ankanyadira kwa anzawo a Mvano. Koma mwambo umene umati mkamwini apatuke ndi womwewo umene umati ana akabadwa apongozi amupatse nkhuku, amasukirane, azilankhulana ngati mayi ndi mwana. Nkhuku yoyamba anaigwira mwana woyamba atangobadwa. Anayenda nayo m'mudzimo sabata yathunthu osapeza woilandira, mpaka anaidya okha. Yachiwiri chimodzimodzi. Kutumiza kudzera mwa Tawina sikukanatheka, poti nkhuku yotere imaperekedwa pamanja. Kuchita kunena poyera kuti akufuna kuona nkhope ya mkamwini, nawonso manyazi ankawagwira, ndipo a Maynard anangonyamula mawu monga anawalandirira, osawonjezapo mchere.

"Iyi ndi yachisanu ndi chiwiri," anatero. "Ndinamva kuti Loweruka lililonse mumathamanga nkhope ili kutsogolo, anthu onse n'kumakuonani. Ndinafunsa bambo wamkulu wa mijigo uja kuti kodi mumakathera pati. Anandilozera pakamtengo kansanza paja."

A Sailosi, amene anali atafika motsimphina, anakumbukira. Zinali zoona. Lachinayi mayi wina anawafunsa funso limenelo pamsika, ndipo iwo anasangalala kuti masewera awo ayamba kukondedwa ndi amayi achikulire.

Goliati ananong'oneza, akulankhula ndi chulu, kuti iye ankaganiza kuti akufuna chikho. A Nangozo anafunsa Tawina kuti chikho n'chiyani. Atauzidwa kuti ndi kapu yaikulu yachitsulo yosamwera madzi, anati imeneyo apite nayo a ku Lilongwe, kwawo kulibe poiika.

"Tatembenukani. Dzutsani mutu."

Goliati anazemba amuna olemera ngati ng'ombe, anakwera malole opanda mabuleki pa mtsetse wa ku Dedza, koma palibe chimene chinamuvuta ngati kutembenuka kumeneko. Anazungulira pang'onopang'ono ali chinjutire. Anayamba kuona mapazi, kenako chitenje, kenako nkhuku, imene inkamuyang'ana ndi diso limodzi. Potsiriza anaona nkhope. Inali nkhope ya Tawina, itangokalamba, ndipo maso ake anali onyowa. Zimenezi sankaziyembekezera. Zaka zonsezi ankaganiza kuti pansi pa dukulo pali chinthu choopsa.

A Nangozo anamuyang'ana bwinobwino, mosafulumira, ngati munthu wogula mbuzi. Anayang'ana mphumi, mphuno, mpata wa dzino la ku Blantyre. Kenako anafika pa makutu, amene kutsogolo ankaoneka aakulu kuposa kumbuyo.

"Kani makutu a adzukulu anga aja ndi amenewa," anatero. "Ine ndinkati mwina kumsana amangooneka choncho. Landirani nkhuku. Mkazi wanu mumutenge mvula isanagwe."

Anailandira ndi manja awiri, ndipo nkhukuyo inamujompha pachala. A Maynard anatsokomola n'kulengeza kuti monga mwini mbumba avomereza, koma panalibe amene ankawamvera, chifukwa amayi anali atayamba kale nthungululu. A ku Lilongwe, amene ankajambulitsa ndi chikho chawo pakati pa bwalo, anadabwa kuona kuti ogonja ndiwo akusangalala kwambiri.

Banjalo linasamukira ku Biriwiri mu Okutobala, katundu ali pangolo. Goliati anapitiriza kubwera ku Lizulu kudzasewera, koma china chake chinali chitafa. Masewera otsatira a Sailosi anamugwira paphewa n'kumukumbutsa za maduku khumi ndi atatu. Mpira unamufika, mdani anabwera, Goliati anaona duku, ndipo nkhope yake inawala. Anamuthamangira munthuyo molunjika ngati akukamulandira katundu. Goliatiyo anachoka pabwalopo atanyamulidwa ndi anthu anayi. Anayesanso masewera ena awiri, nthiti zinathyoka ziwiri, ndipo Tawina anatenga nsapato zija n'kuzisandutsa zopitira kudimba. Jasper anayesa kuvala chitenje, anayesa kutsokomola ngati a Nangozo, koma sizinathandize. Munthu sungamuopseze ndi mayi amene amamusungira mkute.

A Sailosi anabwerera kwawo mu 2020. Potsanzikana anakumbatira Goliati mpaka nthiti zija zinakumbuka, n'kunena kuti iyeyo mpira unamuthera chifukwa cha bondo, ndipo zimenezo n'zomveka, koma sanaonepo katswiri wothetsedwa ndi nkhuku. Ananena akuseka, koma m'maso munali misozi.

Lero Goliati ndi mlimi wa anyezi ndi kabichi. Wanenepa pang'ono, ngakhale dzina lija akadali nalo kutali. Pa Lizulu amafikapo ndi ngolo, ndipo othamangira mabasi ndi ena. Ana ake akamufunsa za ragibi amawauza za zigoli zonse, kupatula chimene sanagoletse, koma chimenecho amakachimva kwa agogo awo, amene amachifotokoza bwino kuposa aliyense ndipo amaonetsa ndi phazi lomwe.

A Nangozo amabwera ku Biriwiri mwezi uliwonse. Amatsika minibasi pamsewu, ndipo Goliati amakawachingamira. Kanjira kotsikira kudimba n'kopapatiza ndiponso kotsetsereka, moti ulendo woyamba iye anawalandira mtolo n'kutsogola, kuti aziwachotsera minga ndi miyala. Atayenda pang'ono anazindikira kuti kumbuyo kulibe mapazi. Anacheuka n'kuwapeza ataima pomwe paja, manja ali m'chiuno.

"Bwererani," anatero a Nangozo. "Msana wanuwo ndinauona kokwanira. Yendani pambali panga."

Kanjirako sikakwana anthu awiri. Mpaka lero amatsika moyandikana, iwo m'njira, iye m'udzu.